Chithunzi chopangidwa ndi AI ndi cha yani? Yankho kwa wojambula

Wowerenga wina amene amajambula zithunzi za m'mabuku ndi zotsatsira malonda watifunsa kuti: "Ndayamba kugwiritsa ntchito AI pa ntchito yanga. Kasitomala wina akufuna ndisayine pepala lonena kuti ndamugulitsa umwini wonse wa zithunzi zomwe ndamupangira, koma mnzanga akuti chithunzi cha AI chilibe mwini. Ndamvanso kuti makampani a AI anatenga zithunzi za anthu pa intaneti n'kuphunzitsira makina awo osapempha, ndipo zanga zakhala pa intaneti kwa zaka zambiri. Kodi malamulo akuti chiyani, nanga ine nditani?"

Mnzanuyo sakunama, koma nkhani sanaimalize. Pepala la kasitomalalo musalisayine momwe lililimo. M'kalata yanu muli mafunso awiri amene anthu amakonda kuwasakaniza chonsecho malamulo amawaona mosiyana: la zimene zimatuluka m'makina a AI, mapulogalamu a pakompyuta amene amapanga zithunzi ndi zolemba munthu akawauza zomwe akufuna, ndi la zimene zinalowa m'makinawo pamene ankaphunzitsidwa.

Lamulo la copyright, lomwe limapatsa mwini ntchito yaluso mphamvu yoletsa ena kukopera, kugulitsa kapena kusintha ntchito yake, linakhazikika pa mfundo ziwiri zomwe kale palibe ankazikayikira. Yoyamba ndi yakuti kuseri kwa ntchito iliyonse kuli munthu. Yachiwiri ndi yakuti wakuba ntchito ya mnzake amasiya umboni, kope lomwe mungaliike pambali pa ntchito yeniyeniyo n'kuona kuti zikufanana. Pangano la Berne la mu 1886, lomwe mayiko oposa 180 anasayina, limati chitetezo chimayamba chokha popanda kulembetsa, ndipo pa ntchito zambiri chimakhalapo mpaka patadutsa zaka zosachepera 50 mwini wake atamwalira. Mayiko ambiri anawonjezera kufika zaka 70. Taonani poyambira kuwerenga: imfa ya wopanga. Pulogalamu ya pakompyuta simwalira, ndipo zimenezi zokha zikusonyeza kuti olemba malamulowa ankaganiza za munthu. AI yagwedeza mfundo zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo dziko lililonse likuyankha mwa njira yake, popeza copyright imathera m'malire a dziko.

Zotuluka m'makina

Ku United States ndi kumene yankho lili lomveka kwambiri. Katswiri wa makompyuta Stephen Thaler anafuna kulembetsa chithunzi chomwe iye mwini ananena kuti makina ake anapanga paokha. Ofesi yoona za copyright inakana, khoti la ku Washington linagwirizana nayo mu August 2023, ndipo khoti la apilo linatsimikizira zomwezo mu March 2025: popanda munthu palibe copyright. Mlandu umenewo unali wosavuta chifukwa Thaler sananene kuti anaikapo dzanja. Nkhani yofanana ndi yanu ndi imene ofesiyo inagamula mu February 2023, yokhudza kabuku ka nthano komwe zithunzi zake zinapangidwa ndi Midjourney, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi. Inati mawu a nthanoyo ndi otetezedwa, kasankhidwe ndi kasanjidwe ka zithunzi pamasamba n'kotetezedwanso, koma chithunzi chilichonse pachokha ayi. Mu January 2025 ofesi yomweyo inatulutsa lipoti lonena kuti, momwe makina analili pa nthawiyo, kulemba prompt kokha, kutanthauza mawu ouza makina choti apange, sikupangitsa munthu kukhala mwini, ngakhale italika bwanji. Chifukwa chake mukhoza kuchiyesa nokha. Lembani mawu amodzimodzi kanayi, mupeza zithunzi zinayi zosiyana. Amene wasankha komwe nkhope yapendekera ndi mbali yomwe kuwala kukuchokera si inu.

Ku China anaona mosiyana. Mu November 2023 khoti la milandu ya pa intaneti ku Beijing linati chithunzi chomwe munthu wina anapanga ndi pulogalamu ya AI ya Stable Diffusion ndi chake, poona mmene analembera malangizo ambiri, kusintha makonzedwe a pulogalamuyo ndi kusankha chomaliza. Amene anachigwiritsa ntchito popanda chilolezo analipira 500 yuan. Ku United Kingdom kuli ndime 9(3) ya lamulo la mu 1988, yomwe imati ntchito yopangidwa ndi kompyuta mwini wake ndi amene anakonza zofunika kuti ipangidwe, ndipo imatetezedwa zaka 50. Mayiko a European Union amafuna kuti ntchitoyo ionetse zosankha za wopanga mwiniwake, zochokera m'mutu mwake.

Mkangano wotere unabukapo kamera itabwera. Anthu ankati wojambula ndi kamera amangodina batani, zonse amachita ndi makina. Mu 1884 khoti lalikulu la ku United States linati chithunzi cha wojambula Napoleon Sarony n'chotetezedwa chifukwa iye ndi amene anasankha kaimidwe ka munthu amene anamujambulayo, zovala, nsalu za kumbuyo ndi kuwala. Muyeso umenewo ndi womwe ungakuthandizeni lero kulikonse kumene muli: kodi mungaloze chala pa chinthu chooneka m'chithunzimo n'kunena kuti ichi ndinasankha ndine, ndipo umboni wake ndi uwu?

Tiyerekeze kuti mukupanga chikuto cha buku la ana, mwana wakwera njinga mvula ikugwa. Mukalemba prompt, n'kutenga chithunzi chachitatu mwa zomwe zatuluka, n'kungodula m'mbali, m'mayiko ambiri mulibe choti n'kugulitsa umwini wake. Aliyense akhoza kuchikopera. Koma mukayamba ndi pensulo, n'kujambula mwanayo, njingayo ndi msewu, n'kusikana pepalalo, n'kuuza AI kuti ingopaka mitundu motsatira mizere yanu, zomwe munajambula zimakhala zanu malinga ngati zikuonekabe m'chithunzi chomaliza. Chimodzimodzi AI ikapanga mitambo ndi nyumba za kumbuyo, inu n'kujambula mwanayo pamanja, kukonza mithunzi ndi kusanja zilembo za mutu wa buku: mwanayo, zilembozo ndi kasanjidwe konse ndi zanu, mitamboyo ayi.

Apa ndi pomwe ojambula ambiri amadzipweteka okha. Akamaliza ntchito amaphatikiza ma layer onse, magawo a chithunzi osanjikizana m'pulogalamu yojambulira, kukhala fayilo imodzi ya JPEG, n'kufufuta zina zonse kuti kompyuta isadzaze. Tsiku la mkangano amakhala alibe chosonyeza pomwe makina anathera ndi pomwe dzanja lawo linayambira. Pa ntchito iliyonse yolipidwa tsegulani foda yakeyake. Muikemo chojambula choyambirira chosikanidwa, fayilo ya ma layer osaphatikiza, zomwe AI inatulutsa musanazikhudze, ma prompt onse, dzina ndi mtundu wa pulogalamu, ndiponso tsiku. Sungani ntchitoyo katatu kapena kanayi ili mkati, fayilo iliyonse ndi dzina lake, m'malo molemba pamwamba pa yakale. Zimatenga mphindi zochepa, koma ndi umboni wokhawo umene loya angagwiritse ntchito.

Pepala la kasitomala

M'mapangano ogulitsa umwini nthawi zambiri mumakhala ndime ziwiri zomwe anthu amangozidumpha. Ina imati inu mukutsimikiza kuti ntchito yonse ndi yanu ndipo muli ndi mphamvu yoigulitsa. Inayo imati wina akadzasumira kasitomalayo chifukwa cha ntchitoyi, zolipira zonse, kuphatikizapo za maloya, zidzakhala pamutu panu. Ngati theka la chithunzi linachokera ku AI, ndime yoyambayo imakunamitsani, ndipo yachiwiriyo imakulipiritsani chifukwa cha bodzalo. Kasitomala akadzaona wopikisana naye akugwiritsa ntchito mitambo ija, khoti n'kumuuza kuti ilibe mwini, adzabwerera kwa inu.

Muuzeni poyera, mwa kalata, ntchito isanayambe. Kenako sinthani mawuwo kuti anene zoona, mwachitsanzo: "Mbali zina za ntchitoyi, zomwe zatchulidwa pansipa, zinapangidwa mothandizidwa ndi AI. Wojambula akupereka ufulu wonse umene ali nawo pa ntchitoyi, koma sakulonjeza kuti mbali zopangidwa ndi AI ndi zotetezedwa ndi copyright." Pemphaninso kuti chipukuta misozi chilichonse chomwe mungadzalipire chisapose ndalama zomwe mwalandira pa ntchitoyo. Ndipo ganizirani ngati kugulitsa umwini wonse n'kofunikadi. Nthawi zambiri layisensi imakwanira: mumatchula ntchito yomwe chithunzicho chigwire, mayiko, ndi zaka, umwini n'kutsala ndi inu. M'mayiko ambiri kusamutsa umwini sikuwerengedwa pokhapokha kutalembedwa ndi kusayinidwa.

Musapusitsidwe ndi mawu a kampani ya AI onena kuti zotuluka zonse ndi zanu. Kampani ingapereke zomwe ili nazo basi. Zili ngati munthu wokulemberani kalata kuti iye sadzalimbana nanu pa malo enaake, pomwe malowo alibe chikalata cha umwini ndipo aliyense akhoza kudutsapo. Werenganinso ngati akulola malonda pa akaunti yaulere, chifukwa ena amalola okhawo amene amalipira.

Palinso ngozi ya mbali inayo, yoti chomwe makina akupatsani chifanane ndi ntchito ya wina. Pa milandu ya copyright kusadziwa sikupulumutsa munthu. Musamaike mu prompt dzina la wojambula amene ali moyo, la katuni yotchuka kapena la kampani. Musanapereke ntchito, ikani chithunzicho mu Google Lens kapena TinEye muone ngati pali chofanana nacho, ndipo chikulitseni muyang'ane m'makona ngati mulibe zotsalira za siginecha kapena chidindo cha wina. Ngati ntchitoyo ndi logo, pali mpumulo pang'ono: lamulo la zizindikiro za malonda silifunsa kuti anajambula ndani, limafunsa ngati chizindikirocho chikusiyanitsa katundu wa kampani ina ndi wa inzake. Logo yopangidwa ndi AI ikhoza kulembetsedwa, koma chitetezo chake chimangokhudza mitundu ya katundu yomwe yalembetsedwa.

Zolowa m'makina

Kuti mumvetse chifukwa chake makhoti akusiyana maganizo, muyenera kudziwa mmene kuphunzitsako kumayendera. Mapulogalamu oyenda pa intaneti amasonkhanitsa maadiresi a zithunzi pamodzi ndi mawu ofotokoza chithunzi chilichonse. Mndandanda umodzi wotchuka, LAION-5B wa mu 2022, unali ndi zithunzi ndi mawu ake zoposa 5 biliyoni. Zithunzizo zimatsitsidwa, makina amaziona kambirimbiri akusintha manambala a mkati mwake, ndipo pamapeto pamatsala fayilo ya manambala okhaokha, yomwe ena kukula kwake ndi magigabaiti ochepa chabe. Makampani amati m'fayilo yaing'ono chonchi simungakwane makope a zithunzi mabiliyoni, makina angophunzira maonekedwe a zinthu. Eni ntchito amayankha kuti kutsitsa ndi kusunga komweko n'kukopera kale, komanso kuti makina amaloweza. Ofufuza anasonyeza mu 2023 kuti zithunzi zomwe zinabwerezedwa kambiri m'ndandanda zikhoza kutulutsidwanso pafupifupi momwe zinalili.

Ku United States nkhani imatsamira pa fair use, lamulo lolola kugwiritsa ntchito za ena popanda chilolezo pa zifukwa zina. Woweruza amayang'ana zinthu zinayi: cholinga ndi ngati ntchitoyo yasandulika china chatsopano, mtundu wa ntchito yotengedwayo, kuchuluka kwa zotengedwa, ndi mmene msika wa mwini wake wakhudzidwira. Mu February 2025 khoti linati kampani ya Ross Intelligence inalakwira Thomson Reuters chifukwa inatenga zolemba zake n'kupangira chida chopikisana nayo mwachindunji. Mu June 2025 woweruza William Alsup anati kuphunzitsa makina ndi mabuku ogulidwa mwalamulo ndi fair use, koma kusunga mabuku otsitsidwa pa mawebusaiti akuba si fair use. Kampani ya Anthropic, yomwe inkazengedwa mlanduwo, inavomera kulipira madola 1.5 biliyoni, pafupifupi madola 3,000 pa buku lililonse. Patangopita masiku awiri chigamulo cha Alsup chitatuluka, woweruza Vince Chhabria anapeza kuti kampani ya Meta yapambana mlandu wofanana nawo, koma ananena momveka kuti odandaulawo sanabweretse umboni woyenera, ndipo kuti kudzaza msika ndi ntchito za makina zopikisana ndi za anthu kukhoza kugwetsa kampani pa mlandu wina. Zonsezi ndi zigamulo za makhoti oyamba, si mawu omaliza.

Ku Ulaya zigamulo ziwiri zinatuluka mwezi umodzi zikuloza kosiyana. Mu November 2025 khoti la ku London, pa mlandu wa kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images ndi Stability AI, kampani ya Stable Diffusion, linati fayilo ya Stable Diffusion si kope la zithunzi chifukwa simusungidwa zithunzizo. Patatha sabata imodzi khoti la ku Munich, pa mlandu wa bungwe la oimba la GEMA ndi kampani ya AI ya OpenAI, linati mawu a nyimbo omwe makina analoweza n'kumawatulutsa ndi kope ndithu. Lamulo la European Union la mu 2019 limalola kufufuza zolemba ndi zithunzi pogwiritsa ntchito makina, ngakhale pa malonda, pokhapokha mwini wake atakana m'njira yoti makina angathe kuwerenga. Lamulo lawo la AI la mu 2024 linawonjezera kuti kuyambira August 2025 opanga makina akuluakulu azilemekeza kukanako ndi kutulutsa chidule cha zomwe anaphunzitsira. Japan ndi yomasuka kwambiri: ndime 30-4 ya lamulo lake imalola kusanthula ntchito za ena ndi makina malinga ngati sikuwononga mopanda chilungamo phindu la mwini wake.

Nanga inu mungachitepo chiyani? Zomwe zinatengedwa kale n'zovuta kuzibweza, chifukwa kuchotsa chithunzi pa intaneti sikuchichotsa m'makina omwe anaphunzira kale. Za m'tsogolo mukhoza kuziteteza pang'ono. Ngati muli ndi webusaiti yanuyanu, mu fayilo ya robots.txt, yomwe imauza mapulogalamu oyenda pa intaneti aja zomwe akuloledwa kutenga, lembani kuti GPTBot, CCBot, ClaudeBot ndi Google-Extended saloledwa, ndipo m'malamulo a webusaitiyo lembani kuti mukukana ntchito zanu kuphunzitsira makina. Dziwani kuti robots.txt ndi pempho chabe, si loko, koma ndi umboni woti munakana. Pa Facebook, Instagram ndi malo ena otere njirayi sigwira ntchito, chifukwa potsegula akaunti munawapatsa kale layisensi yotakata. Fufuzani m'makonzedwe a akaunti ngati muli malo okanira. Ikani zithunzi zazing'ono, mwina mapikiselo 1,000 m'litali, zazikulu muzisunge. Lembani dzina lanu ndi chaka mu metadata, mfundo zofotokoza chithunzi zosungidwa m'kati mwa fayiloyo, ngakhale malo ambiri ochezera amaifufuta pokweza chithunzi. Ofufuza a ku University of Chicago anapanga Glaze, pulogalamu yomwe imasintha chithunzi pang'ono kuti makina asokonezeke potengera kajambulidwe kanu. Imathandiza, koma pali njira zoifooketsera.

Ngati ntchito zanu zimagulitsidwa ku United States, zilembetseni kumeneko pasanathe miyezi itatu zitatuluka. Copyright muli nayo ngakhale osalembetsa, koma kulembetsa msanga ndi komwe kumatsegula chipukuta misozi chokhazikitsidwa ndi lamulo, kuyambira madola 750 mpaka 30,000 pa ntchito imodzi, ndi kufika 150,000 ngati kukoperako kunali kwadala. Pa mgwirizano wa Anthropic uja, mabuku osalembetsedwa sanawerengedwe. Polembetsa mumayenera kutchula mbali zomwe zinapangidwa ndi AI, ndipo kubisa kukhoza kufafanizitsa satifiketi yanu.

Pali bala lina lomwe malamulo alipowa sangalipoletse, ndipo ndi lomwe limawawa ojambula kwambiri. Copyright siteteza kajambulidwe ka munthu, imateteza chithunzi chenicheni chomwe wajambula. Kale zimenezi sizinkavuta, chifukwa kutengera dzanja la wina kunkafuna zaka zophunzira ndipo wotengerayo ankajambula pa liwiro la munthu. Lero zithunzi zanu makumi angapo n'zokwanira kuphunzitsa kachidutswa kakang'ono kotchedwa LoRA, komwe kangatulutse mazana a zithunzi zooneka ngati zanu tsiku limodzi popanda ngakhale chimodzi chomwe ndi kope. Ena akuti kajambulidwe kazitetezedwa. Ife tikuona kuti zimenezo zingapweteke ojambula omwewo, chifukwa aliyense anaphunzira potengera ena, ndipo amene angakhale ndi ndalama zosumira anzawo ndi makampani akuluakulu. Chomwe chingathandize ndi kukakamiza makampani kuulula zomwe anaphunzitsira, ndi kulipira kudzera m'mabungwe otolera ndalama za eni ntchito, monga zimachitikira nyimbo zikaulutsidwa pa wailesi. Wojambula mmodzi sangakambirane mtengo ndi kampani ya mabiliyoni, koma bungwe la anthu masauzande lingathe. Ngati wina akugulitsa zithunzi zotere ndi dzina lanu, pamenepo muli ndi pogwira: m'mayiko ambiri malamulo oletsa kunamiza ogula ndi kudzionetsa ngati wina amagwira ntchito.

Mbali zina za malamulo a umwini zikukumana ndi zomwezi. Thaler yemwe uja anayesanso kulembetsa patent, chikalata choteteza chinthu chatsopano chomwe munthu watulukira, n'kutchula makina ake, DABUS, kuti ndiwo anatulukira. South Africa inapereka patent mu 2021, koma kumeneko ofesi sinkafufuza mwakuya zomwe zalembetsedwa. United States, ofesi ya ma patent ya ku Ulaya, Australia ndi khoti lalikulu la ku United Kingdom mu December 2023 onse anakana. Mawu ndi nkhope ya munthu sizili pansi pa copyright, n'chifukwa chake boma la Tennessee, ku United States, linakhazikitsa lamulo lapadera mu 2024 loteteza mawu a munthu kwa makina otengera. Kugula NFT, chiphaso cha pa intaneti cholumikizidwa ndi chithunzi, sikukupatsani copyright ya chithunzicho pokhapokha pangano litanena choncho, ndipo mu February 2023 khoti la ku New York linapeza kuti ma NFT otengera zikwama za Hermès anaphwanya chizindikiro cha malonda cha kampaniyo.

Chomaliza chikukhudza mafayilo omwe makasitomala amakupatsani. Chinsinsi cha bizinesi chimatetezedwa pokhapokha mwini wake akuchisunga mosamala, ndipo patent imaperekedwa pa chinthu chomwe sichinaululidwe poyera. Mukatenga chojambula cha katundu yemwe sanatuluke pamsika n'kuchikweza mu pulogalamu ya AI yomwe malamulo ake amalola kampani kusunga ndi kuphunzitsira zomwe mwaikamo, mukhoza kukhala kuti mwaphwanya pangano losunga chinsinsi, ndipo mwapatsa wopikisana ndi kasitomala wanu poyambira kutsutsa umwini wake. Musanakweze fayilo ya wina, zimitsani chilolezo chophunzitsira m'makonzedwe a akaunti, kapena gwiritsani ntchito akaunti ya bizinesi yomwe pangano lake limaletsa zimenezo, kapena pulogalamu yoyendera pa kompyuta yanu popanda intaneti, ndipo pezani chilolezo cholembedwa cha kasitomalayo.